Garmin zumo XT pa njinga yamoto: imayenera ndani, ndipo ndani asunge ndalama zake

Ndinene poyambirira, kuti amene ali pachangu asachite kufika kumapeto: Garmin zumo XT ndi chipangizo cha GPS chosonyeza njira, choyenera munthu amene ntchito yake imamuchotsa pa tala n'kumulowetsa m'njira za ngolo, kumene netiweki imapezeka mwa apo ndi apo. Ngati ndinu wa kabaza wozungulira pakati pa Area 25 ndi m'tauni, kapena Ndirande ndi Limbe, sungani ndalama zanu. Njira zimenezo mumazidziwa kuposa chipangizo chilichonse, ndipo tsiku limene kasitomala watchula malo achilendo foni ikukwanirani.

Ine ndimakonza mijigo ndi mapampu oyendera dzuwa. Ntchito imandipeza ku Dedza, ku Ntcheu ndi mbali ya Salima, ndipo ndimayenda pa Honda XR150L, bokosi la masipanala kumbuyo. Kawirikawiri ndimapatsidwa dzina la mudzi ndi manambala awiri osonyeza pamene mjigo uli. Dzina palokha silithandiza kwenikweni. Mayina a midzi amabwerezedwa kwambiri, komanso mudzi umodzi ukhoza kukhala ndi mijigo itatu, wakufawo n'kukhala wa kutsidya kwa dambo. Manambala aja ndiwo amandifikitsa pamalo penipeni.

Anzanga ambiri amaganiza kuti GPS imadya bandulo, koma sizili choncho. Masetilaiti a GPS, amene ndi a dziko la America, amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo amangoulutsa uthenga wawo kwaulere. Chipangizo chikamva anayi kapena kuposerapo chimawerengera pamene mwaima. Foni nayo imachita chimodzimodzi, ndipo chimene imafunira intaneti ndi mapu, ngati simunawasungiretu. Kusiyana kwa foni ndi zumo kuli pa handulo pompo: dzuwa, mvula, fumbi ndi kugwedezeka.

Ndinayenda nthawi yaitali ndi foni pa handulo, choncho mavuto ake ndimawadziwa. Mu Okutobala, kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti masana, foni inkatentha mpaka kudzichepetsera yokha kuwala, ndiye kuti ndione mapu ndinkayenera kuima n'kuiphimba ndi dzanja. Mvula ikayamba, madontho ankadina sikirini okha, mapu n'kumathawa. Za kugwedezeka si nkhambakamwa ayi: mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza yokha kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto kukhoza kuwononga makamera a mafoni ake, ndipo makampani ngati Quad Lock amagulitsa padera kachipangizo ka mphira kochepetsa kunjenjemerako. Koma chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti foni yomweyo ndiyo Airtel Money yanga, ndiyo Mpamba wanga, ndiyo njira yoitanira thandizo njinga ikafa m'tchire. Chinthu chotere sichiyenera kukhala panja, pamalo poti ukagwa ndicho choyamba kugunda pansi.

Zumo XT inatuluka mu 2020. Sikirini yake ndi ya mainchesi 5.5, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachiyamikira ndi kuwala kwake. Dzuwa lili paliwombo, galasi la chisoti lili ndi fumbi, ndimaona mzere wa njira yanga mongoponya diso, osapinda khosi. Imamva chala ngakhale nditavala magolovesi, ndipo mabatani ake pa sikirini ndi akuluakulu moti sindiphonya njinga ikudumpha. Pa nkhani ya madzi ili ndi chizindikiro cha IPX7, kutanthauza kuti ikhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Yanga yanyowa ndi mvula ya Januwale kambirimbiri, ndikafika ndimangoipukuta ndi kansalu basi. Mukhoza kuiika chogona kapena choimirira. Ine ndimaikonda choimirira, chifukwa imaonetsa njira yaitali ya kutsogolo, ndiye ndimadziwiratu kuti mphambano ikubwera.

Tsono pa kumangirira ndi waya ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaonongera chipangizo chabwino. Batire yake ya m'kati, malinga ndi opanga, imatha maola 6, ndipo mukakweza kuwala mpaka kumapeto imatha pafupifupi maola 3.5. Pa dzuwa lathu kuwala mudzakweza ndithu, choncho waya wa moto si wongowonjezera ayi. M'bokosi mumabwera chogwirira cha pa handulo ndi waya wake. Pezani makaniko wodziwa za magetsi, ndipo mumuuze zinthu izi inu muli pomwepo. Atenge moto pa waya umene umayaka kiyi akatembenuzidwa, kuti mukazimitsa njinga zonse zizime. Batire za tinjinga tathuti ndi zazing'ono, ndipo chinthu chimene mwachiiwala chili choyaka usiku wonse chidzakusiyani mukuponda kiki m'mawa. Fyuzi ikhalepo. Polumikiza awotcherere, asangopota mawaya n'kukulunga tepi, chifukwa pa msewu wa mabampu zopotazo zimamasuka ndipo chipangizo chimayamba kuzima ndi kuyaka. Kenako pindani handulo mbali zonse mpaka kumapeto, muone kuti waya sakukokeka kapena kupanidwa ndi thanki. Pa chogwirira pali timano ta mkuwa timene timapereka moto, ndipo pali kachivindikiro kotiphimbira chipangizo chikachotsedwa. Musakataye kameneko. Fumbi ndi chinyezi zikakhala pa timanoto, moto umayamba kudukaduka.

Malo oikapo, ine ndinasankha pamwamba pa mita ya liwiro, osati pambali pa galasi. Diso likatsika pang'ono n'kubwerera pa msewu, mbuzi yodumpha imaoneka nthawi ikadalipo.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi mapu, ndipo ogulitsa ambiri saitchula. Zumo imabwera ndi mapu a dera limene yagulidwa. Mbale wanu akakugulirani ku Britain idzabwera ndi misewu ya ku Ulaya, ya ku America idzabwera ndi ya kumeneko, ndipo mukaiyatsa pa Dedza mudzangoona kadontho pa malo oyera ndi mizere iwiri itatu ya misewu ikuluikulu. Chipangizo chotere chili ngati mjigo wopakidwa penti bwino koma pansi mulibe mapaipi. Yanga inachokera ku Johannesburg, ndipo musanatumize ndalama kumeneko funsani kuti akuonetseni pa sikirini mndandanda wa mapu amene alimo. Ngakhale zili choncho, mapu obwera ndi chipangizo amathandiza kwambiri pa M1, pa M5 ya m'mbali mwa nyanja ndi m'matauni. Mukangokhota kulowa m'midzi mufunika ena.

Mwayi wake ndi wakuti kumbuyo kuli malo olowetsa kakhadi ka microSD. Ine ndimayenda ndi mitundu iwiri ya mapu. Oyamba ndi a Tracks4Africa, kampani ya ku South Africa imene imapanga mapu ake kuchokera ku njira zimene apaulendo anayendamo ndithu n'kutumiza zimene GPS yawo inalemba. Ubwino wake ndi wakuti nthawi imene imakuuzani imakhala pafupi ndi zoona za msewu wafumbi, ndipo malo ogona ndi omwetsera mafuta alimo. Pa maulendo odziwika, monga kukwera Gorodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, kapena kuchoka ku Rumphi kudzera pa Thazima mpaka Chelinda, ndi odalirika. Achiwiri ndi a OpenStreetMap, aulere, ojambulidwa ndi anthu odzipereka. Pa ntchito yanga amenewa ndiwo amandithandiza kwambiri, chifukwa m'madera ena muli ngakhale tinjira ta pakati pa minda, masukulu a pulayimale ndi zipatala zazing'ono. M'madera ena ndi osakwanira, zimatengera ngati wina anakhalapo pansi n'kujambula. Mumakopera fayilo yake pa kompyuta n'kuiika m'kakhadi, kenako mumasankha pa chipangizo mapu amene mukufuna. Yatsani amodzi pa nthawi imodzi, chifukwa onse akayaka pamodzi njira zimasokonekera.

M'makonzedwe ake muli malo osankha zimene chipangizo chizipewa, ndipo pamenepo pali misewu yopanda tala. Onetsetsani kuti chimenecho n'chozimitsa. Chikakhala choyaka, mudzi uli pa makilomita 8 kudutsa njira yafumbi udzasanduka ulendo wozungulira boma lonse.

Kwa anzanga a ntchito ya madzi, a zaulimi ndi a zaumoyo amene amapatsidwa manambala a malo, pali zinthu ziwiri zoti musamale. Manambala amalembedwa m'njira zingapo: ena ndi madigiri okhala ndi kadontho basi, ena ali ndi madigiri ndi maminitsi. Chipangizo chimalandira zonse, koma muyenera kuchiuza mtundu umene mukulowetsa, apo ayi chidzakutumizani phiri lina. Kumbukiraninso kuti Malawi ali kumwera kwa equator, choncho nambala yoyamba imakhala ndi S kapena kamzere kochotsera kutsogolo. Chachiwiri, GPS imagwiritsa muyezo wa WGS 84, pamene mapu akale a boma anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950. Manambala okopedwa pa mapepala akale akhoza kukuphonyetsani ndi mamita mazana angapo. Pa msewu si kanthu, koma chimanga chitatalika mu Febuluwale mtunda umenewo ndi wokwanira kubisa mjigo.

Chimene chandipangitsa kuchikonda chipangizochi, komabe, si kunditsogolera koma kukumbukira. Chimalemba paliponse pamene ndadutsa. Ndikafika pa mjigo kwa nthawi yoyamba, mwina mothandizidwa ndi mnyamata amene ndamukweza pa sitolo kuti andilondolere, ndimasunga malowo ndi dzina la mudzi, ndipo njira yonse imatsala m'chipangizo. Miyezi ikapita, komiti ya mjigo ikaimba kuti wafanso, ndimangotsatira mzere womwe uja, ngakhale udzu utatseka njira. Fayilo yake ndi ya mtundu wa GPX, ndipo ndimatha kutumizira mnzanga amene sanafikeko kuti aitsegule pa foni kapena pa pulogalamu ya BaseCamp pa kompyuta. Madzulo ntchito ikachedwa, mdima n'kugwa ndili mkati mwa midzi, mzere umenewu ndi umene umandibwezera pa tala.

Pali zimene sichidziwa, ndipo ndi bwino kuzinena. Sichidziwa kuti mlatho unakokoloka sabata yatha. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, misewu yambiri kumwera inaduka, koma pa mapu inali yonse bwinobwino. Chimakuonetsani filingi sitesheni, osati ngati muli petulo. Chili ndi kawerengedwe kokuchenjezani kuti mafuta atsala a makilomita angati mukachiuza mtunda umene thanki yanu imayenda, ndipo m'nyengo ya kusowa kwa mafuta ndimakadalira ndithu, koma kumene mafutawo ali mudzamva kwa anzanu. Nyengo ya dzinja ndimaimabe pa mphambano, n'kuvula chisoti, kupereka moni kwa amayi kapena abambo amene ndawapeza, n'kufunsa ngati mtsinje ukuwolokeka lero. Mawu ake ndi a Chingerezi ndi zilankhulo zina zakunja, Chichewa mulibe, ndipo mayina a malo athu amamveka movuta. Chimatha kulankhulira m'chisoti kudzera pa Bluetooth ngati muli ndi zomvera, koma ine ndinazimitsa mawu, ndimafuna makutu anga azimva galimoto yobwera kumbuyo.

Kuchotsa pa chogwirira n'kongodina batani limodzi. Izi n'zabwino kwa mwini wake, komanso n'zosavuta kwa wina aliyense wodutsa. Pa Lizulu kapena pa msika uliwonse, ndikatsika chimalowa m'thumba la jekete. Kampani ya Touratech imagulitsa chogwirira chokhoma ndi kiyi ngati mumaima pafupipafupi.

Zina zimene mungaganizire ndi izi. Zumo XT2 ya 2023 ili ndi sikirini ya mainchesi 6 ndipo ndi yodulirapo. Pa handulo ya njinga yaing'ono ngati yanga XT yakale ndi yokwana kale. TomTom Rider 550 ndi yaing'ono, ya mainchesi 4.3, ndipo okwera pa tala amaikonda, koma simungaikemo mapu a Tracks4Africa kapena a OpenStreetMap monga muchitira pa Garmin, ndiye kwa ine nkhani inathera pomwepo. Beeline Moto ndi kozungulira kakang'ono kongoonetsa kolowera, kokongola, koma kamadalira foni yanu.

Mtengo ndi umene udzabweze ambiri. Pamene inkatuluka, zumo XT inali pafupifupi madola 500 a ku America, ndipo mukawonjezera kutumiza, msonkho ndi mapu ogula, ndi ndalama yoti munthu aiganizire kawiri. Ngati m'midzi mumalowamo mwa kamodzikamodzi, gulani foni yachiwiri yotsika mtengo, ikanimo pulogalamu ya mapu ya OsmAnd kapena Organic Maps, koperani mapu a Malawi muli pa Wi-Fi, ipezereni chogwirira cholimba chokhala ndi mphira, ndipo foni yanu ya ndalama ikhale m'thumba. Mudzavutika ndi dzuwa ndi mvula, koma mudzafika. Ngati sabata iliyonse mumagona ndi fumbi la njira zosalembedwa dzina, makamaka ngati bungwe limene mumagwirira ntchito ndi limene likugula, pemphani zumo XT, ndipo pa pepala lomwelo mulembetse kakhadi ka microSD, mapu a dera lathu ndi ndalama ya makaniko wa magetsi.