Galaja ya njinga zamoto ku Biwi: anandigulitsa batire pomwe vuto linali kwina

Ndikupereka nyenyezi 3 pa 5, ndipo zonsezo ndi za bambo wachikulire amene amakonza njinga kuseri kwa shopu. Mwini malo sindikumupatsa ngakhale imodzi.

Njinga yanga ya kabaza inayamba kukana sitata m'mawa. Ndikakika imalira bwinobwino, koma hutala imamveka mofooka ndipo usiku nyali imazilala ndikangochepetsa moto. Ndinapita pa galaja ina ku Biwi mu Lilongwe, zija zimagulitsanso masipeya pomwepo. Mwini wake sanadzuke n'komwe pampando. Anangoti, "Batire latha, akulu," n'kutuma mnyamata kuti aike latsopano. Mtengo wa mabatire masiku ano mukuudziwa nokha. Ndinalipira.

Sipanapite nthawi, matenda omwe aja. Batire latsopano, sitata zii, kasitomala ali kale pampando pa Area 23 akundiyang'ana. Nditabwerera, bwana uja anandiuza kuti ndaliwononga ndekha ndi chaja ya foni, komanso kuti katundu wamagetsi akatuluka pakhomo sabwereranso. Amalankhula maso ali pa foni. Mawu anga anakwera, anthu anayamba kusonkhana, ndipo mpamene bambo aja anatulukira atanyamula mita yoyezera magetsi, yachikasu, yomangidwa ndi tepi.

"Achimwene, tayiimikani apa tione kaye," anatero. Sanafunse za ndalama.

Injini ili yozima, anagunditsa mawaya a mita pa batire: mavoti 12.1. Anati batire lodzaza bwino limawerenga cha m'ma 12.6. Kenako anandiuza ndilize njinga n'kuwonjezera moto. Nambala sinasunthe, ndipo atayatsa nyali inayamba kutsika. Anandionetsa ndi chala kuti ndidzionere ndekha. Njinga yotchaja bwino, anatero, imafika pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikamathamanga. Ikakhala pa 12 ndiye kuti batire likungopereka, palibe chimene likulandira. Ikapitirira 15 ndi vuto linanso: rekitifaya, kachipangizo kowongolera magetsi opita ku batire, yasiya kuchepetsa mphamvu, asidi amawira, batire limatupa, mababu amapsa pafupipafupi. Zonsezi zinangotenga mphindi zochepa. N'zimene zikanachitika tsiku loyamba lija ndisanatulutse ndalama.

Anayang'ana fyuzi, ili bwino. Anamasula waya wa ethi umene umagwira pa felemu, anaupala dzimbiri n'kumanganso. Kenako anatsata mawaya achikasu ochokera ku koyilo ya m'injini, imene imapanga magetsi, mpaka pa pulagi imene imalowa ku rekitifaya. Poizula, pulagiyo inanyenyeka m'manja. Pulasitiki inali itasungunuka mbali imodzi, tizitsulo ta mkati titada, tina titabiriwira ndi madzi. Anati malo olumikizira akachita dzimbiri kapena akakhwepa amatentha, ndipo kutenthako kumapitiriza kuwononga. Ife a kabaza timayenda m'mvula, timatsukitsa njinga ndi madzi amphamvu, pulagi imeneyi palibe amene amaikumbukira.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti sanathamangire kunena kuti koyilo yapsa, chifukwa pamenepo ndiye pamalowa ndalama zambiri, kutsegula injini ndi kukhetsa oyilo. Anatembenuza mita kuika pa AC, mtundu wa magetsi amene koyilo imatulutsa, anagunditsa pa mawaya achikasu aja, ine n'kumawonjezera moto. Nambala imakwera limodzi ndi injini. Atazimitsa, anayesanso ngati waya wachikasu ukugundana ndi felemu, anapeza kuti ayi. "Koyilo yanu ndi yamoyo, musalole munthu akugulitseni ina." Analankhula mokweza, bwana uja akumva.

Anadula pulagi yopsayo n'kuika ina, koma mita inangokwera pang'ono. Ndiye anakatenga rekitifaya yake yoyesera m'kabokosi, anailumikiza, nambala inakhazikika pa 14.2 ngakhale nyali ili yoyaka. Apa mpamene anandiuza kuti ndigule rekitifaya, ataonetsa umboni.

Kunena chilungamo, nkhani ya chaja ija inali ndi kachoonadi pang'ono. Amene anaika chajayo anailumikiza molunjika ku batire, moti imadya moto usiku wonse kiyi ali m'thumba. Bambo aja anazula waya wa negetivu, anadutsitsa mita pakati, ndipo inaonetsa kuti moto ukutulukadi njinga ili yozima. Anasamutsira chajayo pa waya umene umayaka ndi kiyi. Koma iwo eni ananena kuti chaja payokha siikanaletsa njinga kutchaja ikamayenda. Mwini shopu atamva zimenezo anafewa, anandichotserako ndalama pa rekitifaya, ndipo batire analitchaja ulere. Mwina si munthu woipa kwenikweni, wangozolowera kugulitsa osati kukonza. Masipeya ali nawo ambiri, ndipo simungafunike kuzungulira mpaka ku Malangalanga.

Kuyambira pamenepo sitata ikugwira kamodzi n'kamodzi, ngakhale m'mawa wozizira. Ntchito ya bambo aja ndinalipira K5,000 ndipo ndinawonjezerapo ya chakumwa mwa kufuna kwanga. Mukapita kumeneko dutsani pa kauntala mulunjike kuseri, ndipo muwauze akuwerengereni mita injini ikulira musanagule chilichonse.

Batire langa lakale ndinalifunsa, chifukwa bambo aja anati n'kutheka kuti linali lisanafe. Mnyamata wa pashopu akuti linapita kale kwa ogula mabatire akutha, bwana akuti sakudziwapo kanthu, ndipo ndalama yake mpaka pano sindinaione.