BB ya Wheels Manufacturing: crank ya Shimano pa fulemu ya PF30, ndipo njinga yasiya kulira

Fulemu yanga yakale ya chitsulo inang'aluka m'munsi mwa chishalo nditaipalasa zaka 7. Alamu anga a ku Johannesburg anandipezera ina ya aluminiyamu, yogwirapo kale ntchito koma yowongoka bwino, n'kuitumiza pa basi. Ndinati Loweruka limodzi ndisamutsa zonse. Mawilo analowa, mahendulo analowa, mabuleki chimodzimodzi. Crank yanga ya Shimano 105, chitsulo chija chimene mapedulo amamangidwapo, ndiyo inakanika, chifukwa bowo la pansi pa fulemu, pamene pamadutsa ekiselo ya mapedulo, linali losalala ngati mkati mwa kapu, lopanda mazinga ngakhale amodzi. M'bowomu ndi mmene mumalowa BB (bottom bracket), makapu okhala ndi mabelingi amene ekiseloyo imazunguliramo.

Fulemu yakale inali ya BSA, ija timaidziwa tonse: bowo la mazinga, mamilimita 68 m'lifupi, ndipo mbali ya tcheni imamangidwa mopotoza chakumanzere. Makapu a Hollowtech II, mtundu wa Shimano wa crank yangayo, umangowamanga ndi sipanala basi, ekiselo ya mamilimita 24 n'kudutsa. Yatsopanoyi alamu anandiuza pa foni kuti ndi BB30, poti wogulitsayo ananena choncho. Tinapita nayo kwa a makaniko amene amandikonzera njinga kuno ku Zomba, bambo wachikulire wosathamangira hamala. Anatulutsa veniya, kachipangizo koyezera kukula kwa bowo, m'kachikwama kansalu, n'kuyeza kawiri.

"Achimwene, iyi si BB30 ayi. BB30 bowo lake ndi 42, ndipo mkati mumakhala timizere ta ma circlip, timphete togwira mabelingi. Apa ndikuwerenga 46. Iyi ndi PF30."

Mamilimita anayi amenewo ndi amene akanandigulitsa chinthu chosalowa. Mitundu iwiriyi inapangidwira ekiselo yonenepa ya mamilimita 30, m'lifupi ndi 68 yomweyo pa njinga za pamsewu, n'chifukwa chake anthu amaisokoneza. Kusiyana kwake n'kwakuti pa BB30 mabelingi amakhala pa chitsulo cha fulemu penipeni, pamene pa PF30 amabwera ali m'makapu amene amakanikizidwira m'bowomo.

Poyamba ndinasankha njira yotchipa: makapu a pulasitiki a PF30, kuwonjezera timapulasitiki tiwiri tolowa m'mabelingi kuti bowo la 30 lichepe kufika pa 24. Ndinagula pa intaneti, topanda dzina lodziwika. Masabata atatu oyamba zinali bwino. Kenako tsiku lina ndikukwera msewu wa Ku Chawe, nditangodzuka pa chishalo kuti ndiponde ndi mphamvu pa kona, ndinamva "tche, tche" phazi lamanja likatsika. Amene anakwerapo phiri la Zomba m'mawa akudziwa mmene mumakhalira zii m'mapaini muja, kaphokoso kotere kamakulowa m'mutu mpaka pamwamba. Tinamasula, tinapukuta fumbi lofiira lomwe linali litalowa kale, tinapaka girizi. Panatha masiku anayi, kanabwereranso. A makaniko anandionetsa chifukwa chake: kapu ya kumanja inkatuluka ndi zala zokha. Makapu awiriwo sagwirana, aliyense amadalira kuthina kwa bowo, ndiye bowo likakula pang'ono chabe, kapu imagwedera nthawi iliyonse ukaponda.

Apa m'pamene ndinaitanitsa BB ya Wheels Manufacturing, kampani ya ku Colorado, mtundu wa PF30 wopangidwira crank ya Shimano. Ukaigwira m'manja umamva kuti ndi chitsulo chosemedwa bwino. Ndi makapu awiri a aluminiyamu, ndipo nzeru yake yonse ili poti mazinga amene fulemu ilibe, makapuwo ali nawo okha. Kapu ina imalowa kumanja, inzake kumanzere, n'kukumana pakati pa bowo ndi kumangana. Ukamanga, amaipana fulemu mbali zonse ziwiri, ndipo mabelingi awiriwo amayang'anizana mowongoka chifukwa akhala pa chinthu chimodzi. Mabelingiwo ndi a 24 kale, timapulasitiki tochepetsera tija sitifunikanso. Amakhala kunja kwa bowo monga zimakhalira pa Hollowtech II, choncho crank inakhala pamalo ake enieni, tcheni sinapendekeke, ndipo giya ya kutsogolo tinangoikhudza pang'ono.

Kuimanga kunatenga mphindi zosakwana 30. A makaniko anatsuka bowo ndi kansanza, anapaka girizi pa mazinga ndi pamene kapu imakhudza fulemu, analowetsa ya kumanja mowongoka, kenako anayamba kumanga inzakeyo ndi dzanja mpaka itagwira. Pamafunika masipanala awiri, ina yogwira ina yomanga, ndipo onetsetsani kuti mano ake akugwirizana ndi makapuwo musanayambe, chifukwa aluminiyamu sachedwa kukalika. Chimene ndinawakondera bamboyu ndi pomaliza. Kachivundikiro ka pulasitiki ka kumanzere kwa crank anakamanga ndi zala zokha, mongochotsa kugwedera, n'kunena kuti ambiri amapha mabelingi atsopano pokathinitsa kameneka. Mabawuti awiri opana crank anawamanga mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uku. Shimano imalemba 12 mpaka 14 Nm, muyeso wa kuthina kwake, pa mabawuti amenewa.

Tsopano patha miyezi 8. Yadutsa m'fumbi la Okutobala, yadutsa m'mvula ya Januwale pa msewu wa ku Liwonde, ndipo Ku Chawe ndakwerako kangapo nditaimirira pa mapedulo. Sindinamvenso kalikonse. Ndikachotsa tcheni n'kuzunguza crank ndi chala, imazungulira mofewa popanda pogwira. Kulemera imalemerako kuposa ya pulasitiki, koma ine pa phiri sindinakumve.

Mtengo wake si wamasewera, makamaka ukawonjezera zotumizira kuchokera kunja, ndipo ndinadikira pafupifupi mwezi. Wina angafunse kuti bwanji osangogula crank ya ekiselo ya 30. Ndinawerengera, inali yodula kuposa, komanso 105 yangayo mano ake akadali abwino, ndipo zida za Shimano ndi zimene zimapezekako msanga kuno kwathu.

Amene muli ndi crank ya SRAM musangotengera ine. Mwa mitundu ya kampani imeneyi, GXP ekiselo yake ndi 24 mbali ya tcheni koma 22 mbali inayo, ndipo DUB ndi 28.99, iliyonse ili ndi BB yakeyake. Fulemu ya BB86 nayonso ndi nkhani ina, bowo lake ndi 41 ndipo ya PF30 siingalowemo. Mnzanga wina amene timapalasa naye Lamlungu walandira fulemu kuchokera ku Cape Town sabata yathayi, akuti ndi BB30. Tagwirizana kuti mawa tikumane kwa a makaniko, akaiyeze kaye ndi veniya ija asanatumize ndalama.