Wandidzutsira hamonika ya amalume, koma kudikira kwake ndiye ayi

Nyenyezi 4 mwa 5 kwa mmisiri wokonza mahamonika, tizida toimbira touzira pakamwa. Imodziyo ndachotsa chifukwa tinapangana masabata 3, koma katundu wanga anandifika patatha masabata 7, ndipo pakatipo ukalemba uthenga Lolemba yankho limabwera Lachisanu. Ntchito yeniyeniyo ndilibe nayo dandaulo lalikulu.

Ndinatumiza mahamonika awiri pa positi kwa mmisiri ameneyu, bambo wachikulire amene amagwirira ntchito kunyumba kwawo kuno ku England. Yoyamba ndi ya mtundu wa Marine Band, ya kiyi ya C, ya malemu amalume anga, imene anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe. Yachiwiri ndi Special 20 ya kiyi ya A imene ndinagula ndekha. Zonse ndi za Hohner, kampani ya ku Trossingen ku Germany yomwe inayamba mu 1857.

Ya amalumeyo ndinaiwononga ndekha, ndivomere. Marine Band, imene inatuluka mu 1896, pakati pake amaikapo thabwa la mtengo wa peyala wa ku Ulaya, limene oimba amalitcha chipeso chifukwa cha mano ake, ndipo zitsulo zake amakhomera ndi timisomali. Ine ndinamva kwa anzanga kuti ukainyika m'madzi imalira kwambiri. Imaliradi, kwa theka la ola. Kenako thabwa limafufuma, mano aja n'kutulukira kunja kumakucheka milomo, ndipo likauma limanyala n'kusiya mipata. Ndinachita zimenezi zaka zingapo. Pofika chaka chatha mpweya unkathawira paliponse, ndipo bowo la 4 ukakoka, m'malo mwa D woyera, munkamveka mawu otsika ngati munthu wa chimfine.

Chimene chinandikopa poyamba n'chakuti asanatchule mtengo anandifunsa mafunso. Mumaimba nyimbo zanji? Mumaimba nokha kapena pali kiyibodi? Mumauzira mofatsa kapena mwamphamvu? Funso lomalizali ndinayankha mwamanyazi kuti mofatsa, ndipo bodza limeneli linadzandibwerera.

Atatsegula ananditumizira zithunzi. Hamonika ya mabowo 10 ili ndi timalilime tamkuwa 20, khumi tolira ukauzira, khumi tolira ukakoka mpweya. Pachithunzi chimodzi, chojambula kudzera pagalasi lokulitsa, kalilime ka bowo la 4 kanali ndi mng'alu wonga tsitsi pafupi ndi pamene kanakhomeredwa. Anati kalilime kotere n'kotopa, ngakhale ukatchune bwanji mawa katsikanso, mapeto ake kathyoka. Pachithunzi china panali nguwe yobiriwira pamkuwa, ndi kachidutswa kena m'bowo la 2 komwe ndikukhulupirira kuti ndi mtedza.

Anandiuza kuti angathe kuchotsa thabwa lakalelo n'kuikapo lina losamwa madzi. Ndinakana. Pangodya pake pali pamene amalume analembapo chilembo ndi nsonga ya mpeni, ndiye kulitaya kunali kutaya hamonika yonse. Sanalimbane nane. Analipala pa sandipepa woyala pagalasi mpaka linasalala mbali zonse ziwiri, anakwecha nsonga za mano kuti zisamacheke, n'kulipaka mankhwala otchinga chinyezi. Timisomali anazula, n'kuboola mabowo a masikuluwu, moti tsopano ndikhoza kuitsegula ndekha n'kuitsuka. Kalilime kong'aluka anachotsa, m'malo mwake n'kuikapo kena kochokera ku hamonika yakale ya mtundu womwewo, komangira ndi kasikuluwu kochepa kuposa njere ya mpunga.

Ndalama zambiri zimapita pa ntchito imene maso saiona. Kalilime kalikonse kamagwedezekera m'kampata kake, ndipo mpweya wodutsa m'mbali umangotayika. Bamboyo amadinikiza m'mphepete mwa kampatako ndi chitsulo chobulungira kuti mkuwa usendere pafupi ndi kalilime koma osakakhudza. Kenako amakonza kutukuka kwa nsonga yake. Ikatukuka kwambiri, pamafunika mpweya wambiri kuti kalire. Ikagona kwambiri, kamalira ngakhale ndi mpweya wa khanda, koma ukauzira mwaukali kamangoti zii. Potchuna amapala pang'ono ndi tupa: kunsonga ngati akufuna mawu akwere, kutsinde ngati akufuna atsike. Zanga anazitchuna mokwererako pang'ono, pa 442 osati pa 440 wa masiku onse, ati chifukwa mpweya wa munthu umatsitsako mawu pang'ono poimba.

Pa Special 20 panalibe chowonongeka, chipeso chake ndi chapulasitiki. Ndinangopempha kuti asinthe mawu amodzi. Ndikamaimba nyimbo za kiyi ya E pa hamonika ya A, monga amachitira oimba blues, bowo la 5 pokoka limapereka D. Anzanga a kwaya amene munaphunzira sofa mukudziwa vuto lake: pamene nyimbo ya mapemphero ikufuna “ti”, iyo imakupatsa “ta”. Anakweza kalilime kameneko kufika D#, kachunidwe komwe amakatcha country. Tsopano nyimbo zimatsetsereka bwino mpaka ku “do” popanda kudumpha. Koma dziwani kuti mchere wa blues pabowo limenelo umachepa, pokhapokha muphunzire kupinda mawuwo, kutanthauza kuwatsitsa ndi kakokedwe ka mpweya, kuti abwerere pa D. Anandichenjezeratu zimenezi, n'chifukwa chake ya amalume sindinalole kuti aisinthe chotero.

Tsiku limene phukusi linafika ndinayamba ndi Marine Band. Ndinangoiyandikiza pakamwa ndikupuma wamba, iyo n'kuyankha. Bowo la 3, limene limapindika masitepe atatu, kale ndinkapeza awiri okha, nawonso movutikira. Madzulo amenewo onse atatu anatuluka, lililonse pamalo pake. Mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini kufunsa ngati ndagula ina.

Vuto linaoneka Lamlungu. Pagulu, ng'oma ikamveka ndi kiyibodi ili pamwamba, ine ndimauzira ngati ndikukoleza mbaula. Tili pakati pa kolasi, mabowo a 4 ndi 6 anangotseka pakamwa. Ndinakoka, zii. Ndinakokanso, zii. Woimba kiyibodi anandiyang'ana, ine n'kunamizira kutsokomola. Nditawalembera, bamboyo anandikumbutsa mwaulemu zimene ndinayankha pa funso lija. Anati ndingathe kubweza akonzenso ulere, kapena andilangize ndichite ndekha. Poopa masabata ena 7 ndinasankha chachiwiricho. Pafoni ya vidiyo anandionetsa kulowetsa kachitsulo kopyapyala pansi pa kalilime n'kukatukula pang'onopang'ono, kenako kukakhwatsula ndi nsonga kuti kalire “ting”, ndi kuyesa ndisanawonjezere. Zinatitengera mphindi 20, ndipo sanalipiritse.

Zonse pamodzi ndinalipira mapaundi 95 kuphatikizapo positi, yochuluka inapita pa ya amalume. Ndalama imeneyi ikanakwana kugula zatsopano ziwiri, ndiye ngati yanu ndi yotchipa ndipo ilibe mbiri, ingogulani ina. Ngati muli ndi hamonika ya mtundu wa Lee Oskar, zitsulo zake za timalilime zimagulitsidwa padera, mukhoza kusintha nokha ndi sikuludiraiva. Amene angapindule ndi mmisiri ameneyu ndi yemwe ali ndi hamonika yosataya, kapena amene wafika popinda mawu n'kumaona kuti chida chikumukaniza. Potumiza muikulunge bwino, mulembe papepala bowo limene likuvuta, ngati ndi pouzira kapena pokoka, ndipo akakufunsani za mphamvu ya mpweya wanu musadzichepetse ngati ine.

M'bokosi anaikamonso kajumbo kakang'ono komata ndi tepi. Munali timisomali tonse takale, tadzimbiri, ndi kalilime kong'aluka kaja. Ndatumiza kwa amayi ku Dedza, poti mwini wake anali mlongo wawo.