Buku Loyera: Baibulo limene landithandiza kumva za chisomo

Ndinakulira pa Buku Lopatulika, lija la 1922 limene agogo ankalisunga m'nsalu pansi pa pilo. Aroma 3:23 ndinailoweza ndili ku Sande sukulu: onse anachimwa, naperewera pa ulemerero wa Mulungu. Vesi imeneyo sinandivutepo kuikhulupirira, chifukwa zanga ndimazidziwa ndekha. Yotsatira yake ndi imene inkandidutsa, ija yonena kuti tiyesedwa olungama kwaulere, ndi chisomo chake.

Vuto linali pa mawu oti chisomo. Kwathu kuno munthu akapeza ntchito mosavuta, kapena akapulumuka pa ngozi ya minibasi, timati ali ndi chisomo, ngati kuti ndi mwayi umene ena amabadwa nawo. Ine ndinkadziona kuti ndilibe. Nditaimitsidwa mgonero zaka zingapo zapitazo, pa chifukwa changa chomwe, ndinkakhala benchi yakumbuyo n'kumaganiza kuti Mulungu adzandilandira ndikadzamaliza kudzikonza.

Chaka chatha ndinagula Buku Loyera pa sitolo ina ya mabuku ku Limbe. Linatuluka mu 1998, ndipo analimasulira pamodzi Akatolika ndi a mipingo ina, motsogoleredwa ndi Bible Society. Nditatsegula Aefeso 2:8 ndinapeza kuti pamene ndinazolowera chisomo, iwo akunena za kukoma mtima kwa Mulungu. Ndinakhala chete kwa kanthawi, buku lili pamiyendo, tiyi akuzizira. Kukoma mtima ndimakudziwa. Ndi kuja kwa mayi anga aang'ono, amene anandipatsa nsima tsiku limene ndinabwera nditawononga ndalama za fizi, asanandifunse n'komwe funso. Usiku umenewo ndinawerenganso Luka 15, nkhani ya mwana wolowerera, ndipo ndinaona chimene ndinkachilumpha: bambo uja anathamanga mwanayo akadali kutali, asanayambe n'kupepesa.

Chichewa chake n'chosalala, choti mwana wa Sitandade 6 atha kuwerenga pa mapemphero a madzulo osakakamira. Makalata a Paulo, amene m'Buku Lopatulika amakhala ndi ziganizo zazitali zopotana, muno anawadula bwino moti mfundo imaoneka.

Pali zimene sindinazolowerebe. M'Chipangano Chakale muli Chauta pamene ine ndimayembekeza Yehova, ndipo ndikamanena Salmo 23 pakamwa panga pamatulukabe mawu akale. Pa maliro ndimanyamula Buku Lopatulika, chifukwa ndi limene akuluakulu amatsatira ndi milomo yawo. Komanso mawu oti chisomo sindikufuna kuti atayike. Tsopano ndikawaimba m'nyimbo ndimadziwa chimene ndikunena.

Ngati muli ndi m'bale amene wasiya kupita kutchalitchi chifukwa cha manyazi, mugulireni Buku Loyera limeneli, mumupindire tsamba pa Aroma 5:8. Ine ndinabwerera ku mgonero mwezi wa Epulo, Buku Loyera lili m'manja.