Piezo, maginito, timbale kapena maiki: nanga gitala yanu muiike iti?

Kwa miyezi itatu ndinkaimba m'gulu la matamando kutchalitchi kwathu ku Matero ndi gitala yomwe nsambo yake ya B inkamveka ngati ili kuseri kwa khoma. Popanda chingwe, nsambo zonse zisanu ndi imodzi zinkalankhula bwinobwino. Ndikangolumikiza ku mixer, ya B n'kuzilala, pamene ya E yaikulu ikuguguda mpaka malata a denga kunjenjemera. Achimwene amene amakhala pa mixer anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Pickup yanuyi yatha, sakani ina." Ndinangotsala pang'ono kuwamvera. Chiyambire pamenepo ndagwirako mitundu inayi ya ma pickup, tizipangizo totenga mawu a gitala kuti amveke pa sipika, ina pa gitala yanga, ina pa za anzanga, ndipo ndati ndiiyale pamodzi kuti amene akusunga ndalama yogulira adziwe chimene akukagula.

Ndiyambe ndi yomwe ambirife tili nayo kale, piezo ya pansi pa saddle. Saddle ndi kafupa koyera kaja kokhala pa bridge (kathabwa kogwira nsambo pamimba pa gitala), pomwe nsambo zimagonera. M'kangalande momwe kafupako kamakhala mumagona kachingwe kopyapyala, kamene kamatulutsa magetsi pang'ono kakapanikizidwa. Zoti miyala ina imachita zimenezi ikafinyidwa anazitulukira ndi Pierre ndi Jacques Curie mu 1880, koma pa gitala zinafala m'zaka za m'ma 1970, makampani ngati Ovation ndi Takamine atayamba kugulitsa magitala obwera ndi pickup yake. Chofunika kuchigwira mtima n'chakuti piezo siimva mphepo kapena kulira kwa thabwa monga khutu limamvera. Imangomva kupanikiza. Nsambo imene siikankha bwino kachingweko, ku sipika kulibe.

Vuto langa linali lomwelo. Nditamasula nsambo n'kuzula saddle, ndinaiimika pa galasi la tebulo n'kuyang'ana cha kuwindo. Kuwala kunkadutsa pansi pake, mbali ya nsambo zing'onozing'ono. Amene anali ndi gitalayi poyamba anaipala kuti nsambo zitsike, mwina pa simenti, ndipo pansi pake panatsala ngati nsana wa bwato. Ndinamata sandipepa pa galasi lomwelo, n'kudetsa pansi pa saddle ndi pensulo, n'kuikhutiza pa kathabwa kowongoka kuti isapendame, n'kumaipala pang'onopang'ono mpaka pensulo yonse itachoka nthawi imodzi. Ndinapemerera fumbi m'kangalande, n'kubwezera. Lamlungu lotsatira achimwene aja anandifunsa kuti pickup yatsopanoyo ndagula zingati.

Saddle iyenera kulowa m'malo mwake mosathina komanso mosagwedera. Ikathina imakakamira m'mbali osafika pansi. Ikagwedera imapendamira kutsogolo. Ndipo musapinde pepala kapena katoni n'kuika pansi pake pofuna kukweza nsambo, chifukwa zofewa zimenezo zimameza kupanikiza komwe piezo ikudikira.

Popeza takhudza kutalika kwa nsambo, tikhalepo kaye, pakuti apa ndi pamene magitala ambiri a mu Lusaka amaonongekera. Pa fret ya 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala), mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ukakhala pafupifupi mamilimita 2.5 ku E yaikulu ndi 2 ku E yaing'ono, anthu ambiri zala zimawamasukira. Kuti mutsitse theka la milimita pamenepo, muyenera kupala milimita imodzi yathunthu pa saddle, chifukwa fret ya 12 ili pakatikati pa nsambo. Koma musanapale, onani khosi. Ikani capo, kaja kopanira nsambo, pa fret yoyamba, dinani nsambo ya E yaikulu pa fret ya 14, muyang'ane pa fret ya 7. Pafunika kampata kochepa ngati kunenepa kwa kakhadi ka pepala, pafupifupi kota ya milimita. Mpatawo ndiye ntchito ya truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi, ndipo chimapotozedwa pang'ono, osapitirira kota nthawi imodzi, kenako n'kuchuna n'kuyezanso. Ndaonapo anyamata akuchimanga mpaka kulira pofuna kutsitsa nsambo. Zimandipweteka, chifukwa chikathyoka, ndalama yokonzera imaposa mtengo wa magitala ambiri amene tili nawo.

Kenako pali nyengo yathu. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mphepo ya kuno imauma, thabwa la pamwamba limafota n'kutsika, nsambo n'kuyamba kukhudza ma fret, ndipo nsonga za ma fret zimayamba kukanda chala m'mbali mwa khosi. Mvula ikagwa thabwa limafufuma, nsambo n'kukwera. Munthu akapala saddle mu Febuluwale mpaka kukhutira, pofika Seputembala gitala ikungoti zii zii. Ine ndinadulitsa ma saddle awiri, yaitali ya chilimwe ndi yaifupi ya dzinja, ndipo nthawi youma ndimaika siponji yonyowa m'kabokosi ka sopo kobooledwa, m'chikwama cha gitala.

Piezo ili ndi chilema chake, sindibisa. Mukamenya nsambo mwamphamvu imalira mouma, ngati bakha. Zina mwa izo n'zachibadwa, koma zambiri timazichititsa tokha. Choyamba batire. Preamp, yokuza mawu a piezo m'mbali mwa gitala, imadya batire la 9V, ndipo chimene chimaiyatsa ndi chingwe mukachilowetsa. Kusiya chingwe chili chilowere pakati pa mapemphero a m'mawa ndi a masana, kapena sabata yonse, n'kumwa batire pachabe, ndipo batire lofooka limayamba ndi kusasa mawu lisanazimiretu. Chachiwiri chimagwira amene piezo yawo ilibe preamp. Yotere imafuna kulowa pa khomo losameza magetsi ake ofookawo, lomwe amati la impedance yokwera, megaohm imodzi kapena kuposa, pamene khomo la line pa mixer nthawi zambiri limakhala cha m'ma kiloohm 10. Mukailowetsa mwachindunji, mawu onse okhuthala amatsalira panjira, n'kungofika kulira kwa chitini. Mankhwala ake ndi kabokosi ka DI, kokhala pakati pa gitala ndi mixer, ka mtundu wa active, woyendera magetsi. Kabokosi komweko kali ndi batani la ground lift, lomwe limatipulumutsa magetsi akapita tikayatsa jenereta, masipika n'kuyamba kung'ung'udza.

Pickup ya maginito ndi ija imapingasa pa bowo la gitala. Ubwino wake waukulu ngwakuti ina, monga Seymour Duncan Woody, mumangoilowetsa n'kuichotsa popanda kuboola paliponse, choncho ndi yabwino pa gitala yobwereka kapena ya mpingo. Siitola msanga phokoso la pa nsanja, ndipo mutha kukweza voliyumu kwambiri masipika asanayambe kulira. Koma imamva chitsulo chokha. Pa nsambo za nayiloni siigwira n'komwe. Ngakhale pa nsambo za bronze, chimene imamva ndi kawaya ka chitsulo ka mkati, osati zokulungira zakunja, n'chifukwa chake nsambo ya B, yomwe ndi chitsulo chokhachokha, imakonda kufuula kuposa zinzake. LR Baggs M1 ili ndi tizitsulo toti mutha kutsitsa kapena kukweza pansi pa nsambo iliyonse, ndipo ka B ndi kamene mumayamba kutsitsa. Mawu ake amapendekera ku gitala yamagetsi. Woimba kalindula, amene zala zake zimathamanga pa nsambo imodziimodzi, angaikonde kwambiri. Wokhwatcha makodi kumbuyo kwa kwaya angaone ngati gitala yake yasanduka ina. Mukamagula funsani ngati ili humbucker, ya makoyilo awiri, chifukwa ya koyilo imodzi imatola kung'ung'udza kwa magetsi athu a 50 Hz, makamaka pafupi ndi mawaya osalongosoka. Yezaninso bowo la gitala yanu, poti magitala ang'onoang'ono ena salola. Ndipo chingwe chake chikamalendewera kunja, tsiku lina wina adzachiponda.

Mtundu wachitatu ndi timbale tomata mkati, pansi pa bridge. Todziwika kwambiri ndi K&K Pure Mini, timbale titatu tomatidwa ndi guluu wa superglue pa kathabwa ka mkati komwe mapini a nsambo amatulukira. Sitifuna batire. Timamva thabwa lenilenilo, kotero ngakhale kugogoda pa thupi la gitala kumamveka. Pa mitundu yonse yopanda maiki, iyi ndi imene inandipatsa mawu oyandikira kwambiri gitala yoimbidwa pakhonde madzulo. Mnzanga wa ku Chilenje, amene amaimba yekha ndi mawu ake m'maukwati ang'onoang'ono, anaika timeneti ndipo sadandaula. Koma nditaibwereka gitala yake n'kupita nayo kwathu, pakati pa ng'oma ndi kiyibodi, sitinathe kuikweza kufika pomwe timafuna. Thabwa likamva sipika, timbale timamvanso. Kuika kwake n'kofunanso dzanja lodekha: nsambo zonse zichoke, kalilole alowe mkati, bowo la kumatako kwa gitala likuzidwe kufika mamilimita 12, ndipo guluu akagwira molakwika kuchotsa n'kovuta. Tija totchipa tomata kunja ndi phula ndi abale ake akutali. Tingakuthandizeni tsiku limodzi, bola muyese malo angapo kuseri kwa bridge musanakhazikike.

Pamwamba pa zonse pali zosakaniza maiki ndi piezo, monga LR Baggs Anthem kapena Fishman Presys Blend. Pa Anthem, maiki imatenga mawu a pamwamba pa 250 Hz, piezo n'kusenza okhuthala a pansi, pofuna kuti maiki isagwire mawu amene amayambitsa kulira. Nzeru yake ndi yabwino ndipo m'chipinda chachete imakoma zedi. Funso langa ndi lakuti mumaimbira kuti. Maiki ndi khutu, ndipo khutu silisankha. M'tchalitchi cha makoma a simenti ndi denga la malata, woimba ng'oma ali kumbuyo kwanu, monita, sipika yodzimvera nokha, ili kumapazi, kagudumu kosakanizira mudzakapotoza mpaka kutsala piezo yokhayokha. Ndiye kuti mwalipira ndalama yoposa mwina gitala yanu kuti mufike pomwe munali kale. Ngati cholinga ndi kujambula nyimbo kunyumba, maiki wamba yoimika kunja, yoloza cha pa fret ya 12 pa mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, idzakupatsani zabwino kuposa chilichonse chokhala m'mimba mwa gitala.

Za kulira kwa masipika ndinenepo padera, chifukwa ambiri timathamangira kutsitsa voliyumu pamene mabatani othandiza ali pa gitala pomwepo. Mphepo ya m'mimba mwa gitala yaikulu imanjenjemera yokha cha pa 100 Hz, pafupi ndi G wa pa fret yachitatu ya nsambo yaikulu, ndipo thabwa la pamwamba limatero cha pa 200 Hz. Kuwuwa kuja kumayambira pamenepo. Dinani kaye batani la phase, nthawi zambiri kumatha pompo. Kukapitirira, kusiyeni kuyambe pang'ono, muzipotoza notch, kagudumu kodula mawu owuwawo, mwapang'onopang'ono mpaka kuzime, n'kusiya pomwepo. Chivundikiro cha labala chotseka bowo n'chotchipa ndipo chimagwira ntchito kuposa maonekedwe ake, kungoti sichikhalira limodzi ndi pickup ya maginito. Monita isaloze pamimba pa gitala. Poyeza mawu, ikani bass, middle ndi treble pakati, voliyumu ya gitala cha pa magawo atatu mwa anayi, ndipo mumenye mwamphamvu monga mudzamenyere kolasi ikafika pachimake, kuti wa pa mixer atchere gain, kukula kwa mawu olowa mu mixer, pa mawu enieni. Ambiri timayeza monyengerera, kenako mapemphero akatentha zonse n'kusweka.

Ndiye mukandifunsa kuti musankhe iti, ine ndimafunsa kaye kuti kumbuyo kwanu kuli ndani. Ngati kuli ng'oma, kiyibodi ndi bass, khalani ndi piezo yanu, muikonzere saddle, mugule DI yabwino ndi chivundikiro cha labala. Ngati gitala ilibe pickup ndipo simukufuna kuiboola, kapena mumaimba nsambo imodziimodzi, tengani ya maginito ya humbucker. Ngati mumaimba nokha kapena awiri, pamalo pomwe anthu amakhala chete n'kumvetsera, timbale ta pansi pa bridge tidzakusangalatsani. Za maiki yamkati ndingalimbikitse munthu amene gitala yake ndi ya thabwa lenileni lomveka bwino kale, yemwenso ali ndi wa pa mixer womudziwa, chifukwa maiki singakometse gitala imene payokha siikoma.

Ine ndinatsala ndi piezo yomwe ija anati yatha. Ndalama imene ndinkasungira ina ndinagulira DI, nsambo zatsopano ndi mabatire awiri, limodzi la m'gitala, lina la m'thumba. Pano gitala ili pa saddle yaitali, ndipo yaifupi ija ili m'kabokosi ka machesi m'chikwama, kudikira kuti mvula ikhazikike mu Disembala.