Asaveya olemba tokha pa nkhani ya minda ndi migodi: ndawapatsa nyenyezi 4 pa 5

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za anthu aja tinawalemba kuti atiyezere minda kumudzi, nde ndangoti ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina lawo sinditchula, ndi kaofesi kakang'ono ku Lilongwe, muli saveya mmodzi, wina wowerengera mtengo wa katundu komanso mayi wina wodziwa malamulo a malo. Kwathu kuli kampani ina yomwe ili ndi laisensi yofufuza miyala, anabowola kale m'minda ingapo ndipo mphekesera zoti tidzasamuka sizikutha, nde mabanja angapo tinasonkherana kuti tsiku lowerengera katundu likadzafika tisadzangodalira pepala la eni mgodi ndi a kwa DC basi.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi mayi wa zamalamulo uja. Asanatulutse ndi GPS yomwe anayamba watikhazika pansi pa mtengo wa mango, agogo, amalume, a gulupu onse, n'kutiuza mosapita m'mbali kuti miyala ili pansi pa munda wanu si yanu amalume, lamulo la migodi limati ndi ya dziko, zanu ndi zapamwambazi. Amalume anakwiya ndithu eti ndiye makolo athu anatisiyira chikopa chokha? Koma ndi zoona zake, bola kumva lero. Anafotokozanso mmene malo amachokera m'manja mwa mudzi: boma limatenga malo a mafumu aja kukhala a boma, kenako kampani n'kupatsidwa lizi, ndipo zikafika pamenepo mwakhala mlendo pamunda omwe munabadwira. Anasiyanitsa bwino laisensi yofufuza ndi yokumba, ife timangoti zonse ndi mgodi, kumachita kusiya kubzala mitengo chonsecho palibe watiuza kuti tichoke.

Apa anatikumbutsa za ku Kanyika ku Mzimba komwe kampani ya Globe Metals ikufuna kukumba miyala ya niobium. Anthu kumeneko anawerengeredwa katundu cha m'ma 2012, n'kumadikira kusamuka ndi chipukuta misozi zaka n'zaka mpaka nkhani inakafika kukhoti mu 2017, pomwe laisensi yokumba inadzatuluka mu 2021. Langizo lake linali loti limani, folerani nyumba zanu, musaimitse moyo chifukwa cha magalimoto oyera obwera ndi mahelimeti. Ndipo mukaganiza za mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, womwe anatsegula 2009 n'kuimitsa 2014, mumaona kuti migodi imayendera mitengo ya kunja osati kalendala yanu ya ulimi.

Kuyeza kwenikweniko anagwira ntchito ya maso. Saveya amayenda malire onse wapansi limodzi ndi mwini munda ndi oyandikana naye, aliyense aloze yekha chitsa kapena chulu chomwe amati ndi malire, pamene panali kukangana amaima kaye mpaka a mfumu agamule. Wowerengera uja samasiya kanthu, mango, nthochi, tsinde la nsungwi, bulugama, khola la nkhumba, chimbudzi, chitsime cha kudimba, chilichonse chithunzi ndi nambala. Agogo anali ataiwala zonena za dimba poti "si munda", iyeyo ndi amene anafunsa kuti tomato amene ndamuona pakhomo uja mumalima kuti? Manda anawalemba padera ndi mayina a mabanja ake.

Anatithandizanso kuyamba zolembetsa malo pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016 lija, lodzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu. Ndinakonda kuti anaumirira mayina a azimayi alembedwe, kwathu minda imayenda kuchikazi koma pamisonkhano oyankhula ndi azibambo okhaokha, mawa cheke n'kutuluka m'dzina la mkamwini kkkk. Anatchulanso za mgwirizano wa chitukuko womwe mgodi waukulu umayenera kusainirana ndi anthu ozungulira, wa 0.45 peresenti ya zomwe agulitsa pachaka, kuti tidziwiretu ndipo tisankhe okatiimirira anzeru osati okonda ma alawansi.

Nyenyezi imodziyo ndawachotsera pa zifukwa zomveka. Nthawi sasunga anthu amenewa, kunena 8 koloko n'kufika dzuwa lili paliwombo anthu atasiya ntchito zakumunda kudikira, foni osayankha, pofika n'kungoti galimoto inavuta. Lipoti linachedwanso kupitirira tsiku lomwe analonjeza, ndipo litabwera lonse chingerezi chokhachokha, matebulo ndi manambala, agogo amene anadinda chala sangawerenge ngakhale tsamba loyamba. Tinachita kuwakakamiza kuti abwerenso adzatiwerengere m'Chichewa banja ndi banja, anabwera koma mafuta tinalipira ife. Pa dzina la azakhali analakwitsanso ma ekala, anakonza titawauza komabe bwanji tikanapanda kuona?

Mtengo si wapansi, munthu mmodzi payekha zimuvuta, musonkherane ngati mudzi ndipo mugwirizane mtengo wonse papepala kuphatikiza mafuta ndi chakudya asanafike. Dziwaninso kuti lipoti lawo silitseka mgodi ndipo si ilo lomwe boma lidzalipirire, owerengera a boma adzabwerabe ndi mitengo yawo, lanulo ndi loti mudzafananitse mukaona kuti mango 12 alembedwa 5. Funsani muone satifiketi ya saveyayo kuti ndi wovomerezeka ndi boma, anyamata ongogula GPS achuluka masiku ano. Mutenge makope awiri, ina isungidwe kwa a mfumu ina kwa wachibale wa kutauni, ndipo zithunzi zonse akutumizireni pafoni tsiku lomwelo musanawapatse ndalama yomaliza.