Nkhuku yozinga wekha kapena youma ya m'sitolo?

Ambiri amakhulupirira kuti nkhuku yogula yamoyo pamsika n'kukaizinga kunyumba ndiye yaukhondo, poti waiona ikuyenda. Komatu tizilombo ta Campylobacter ndi Salmonella, toyambitsa matenda otsekula m'mimba, timakhala m'matumbo mwa nkhuku yooneka yathanzi bwinobwino. Vuto limabwera potumbula. Mpeni ukangoboola matumbo, zam'kati zimayenderera panyama, m'beseni ndi m'manja, kenako mpeni womwewo ukukadula tomato wodya wosaphika. Ubwino wake ngwakuti nyamayo imalowa mumphika nthawi yomweyo, tizilombo tisanaswane.

Ya m'sitolo imabwera yososola kale, koma yadutsa m'makina amodzi ndi nkhuku zambirimbiri, motero imodzi yokhala ndi tizilombo imatha kupatsira zinzake. Firiji sipha Salmonella, imangoletsa kuti asachulukane. Magetsi akathima tsiku lonse nyama n'kusungunuka, tizilombo timayambiranso kuswana, ngakhale nyamayo idzaumenso mawa. Mukaona madzi ofiira ataundana m'pulasitiki yake, isiyeni.

Ine ndingasankhe yozinga ndekha, bola pakhale sopo ndi madzi okwanira. Iliyonse mwa ziwirizi iphikeni mpaka m'kati mwa ntchafu mufike madigiri 75, pafupa pasaonekenso magazi.